Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Chiliza cha Mjeremani ku Eastern Cape

M'gawo lapitali tinalekezera pamene ndinachoka ku East London n'kukapeza ntchito ya pagaladeni ku King William's Town, tauni ya ku South Africa imene mu 2021 anaisintha dzina kukhala Qonce. Abwana anga atsopanowo anali mayi wachizungu wokalamba, wamasiye, ndipo ndinkangowaitana kuti Agogo. Dzina lawo sinditchula, ana awo alipo.

Nditakhala nawo miyezi ingapo, anandiuza kuti ndikonze ndowa, bulashi yofewa, chikwanje ndi zigubu za madzi, tikupita kumanda. Tinalowera msewu wa ku Stutterheim, kenako tinapatukira m'kamsewu kafumbi mpaka pa manda akale a mpanda wadzimbiri. Udzu unali wofika m'chiuno. Ndinayamba ndi kutchetcha, Agogo ali pampando womwe tinanyamula, akundilozera poti ndidutse.

Chiliza chomwe tinadzera chinali cha agogo a agogo awo, munthu woyamba wa banja lawo kuponda mu Africa. Mwala wake ndi wamchenga, wofika m'chifuwa changa, wopendekera pang'ono chifukwa nthaka inatitimira. Ndere zinali zitaphimba zilembo. Ine ndinati tithire Jik kuti ntchito ichepe, koma Agogo anakana kwamtuwagalu. Mwala woterowo umamwa mankhwala, pakapita zaka n'kuyamba kusupuka, zilembo n'kupita nazo. Bulashi ya waya ndiye yoipiratu. Madzi okha, bulashi yofewa, ndi kudekha mtima. Zilembo zina zinali zitafufutika ndithu, ndiye anandiphunzitsa kuwalitsa tochi cham'mbali dzuwa likapendeka, kuti mthunzi ugwere m'mizere. Pamenepo zinayamba kuoneka: mawu a Chijeremani akuti apa wagona mwa Mulungu, dzina lake, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira, ndi dzina la mudzi wa kwawo ku Pomerania, dera la Majeremani pa nthawiyo. Mudzi uja ndi umene unandigwira mtima. Munthu anakhala kuno zaka zambirimbiri, anabereka ana kuno, anakalambira kuno, koma ana ake anaona kuti pamwala payenera kulembedwa kumene mchombo wake unagwera. Pambali pake panali timiyala tating'ono ta ana, tina topanda chilembo n'chimodzi chomwe.

Nkhani ya kubwera kwawo Agogo anandifotokozera tili pomwepo, ndipo zina ndinakaziona ndekha ku Amathole Museum m'tauni momwemo. Majeremani anafika m'derali m'magulu awiri. Oyamba anali asilikali oposa 2,300 omwe Angelezi anawalemba kuti akamenye nkhondo ya ku Crimea, koma nkhondoyo inatha iwo asanaombe mfuti. Mu 1857 anawatumiza kuno ndi mtsogoleri wawo Baron von Stutterheim, kuti akhale m'malire a Angelezi ndi Axhosa ngati alonda komanso alimi. N'chifukwa chake mukamayenda m'derali mumapeza maina ngati Berlin, Potsdam, Hamburg, Frankfort ndi Braunschweig pakati pa midzi ya Axhosa. Asilikaliwo ulimi sunawayanje, ambiri analibe akazi, ndipo mu 1858 oposa 1,000 anapita kukamenya nkhondo ku India.

Bwanamkubwa wa Angelezi ku Cape, Sir George Grey, anafuna alimi enieni okhala ndi mabanja. Anagwirizana ndi kampani ya zombo ya Godeffroy ya ku Hamburg, ndipo mu 1858 ndi 1859 inabweretsa anthu oposa 2,000, ambiri ochokera ku Pomerania ndi ku Uckermark. Mwini chiliza uja anali m'gulu limeneli. Musaganize kuti anali mabwana. Kwawo ankalima m'minda ya eni malo, opanda ndime yawoyawo. Ulendowo unali wangongole, malo omwe anapatsidwa anali angongolenso, paundi imodzi pa ekala. Agogo anati makolo awowo poyamba analibe ng'ombe ngakhale pulawo, ankatipula ndi manja, ndipo amayi ankasenza ndiwo zamasamba wapansi kukagulitsa kumsika wa m'tauni. Zonsezi anazimva kwa agogo awo. Kunyumba anandionetsa Baibulo la Chijeremani lomwe masamba ake oyamba analembamo maina a obadwa, okwatira ndi omwalira, m'badwo ndi m'badwo, aliyense ndi kalembedwe ka dzanja lake. Iwo eni Chijeremani chinawathawa kalekale, anangotsala ndi pemphero la pa chakudya.

Nditamva za ngongole ya ulendo ndinakumbukira ndalama ya basi imene ndinakongola kwa alamu anga pochoka ku Ntcheu, ndipo munthu wa pansi pa mwala uja ndinamumvera chisoni ngati mtchona mnzanga.

Koma pali mbali ina imene sindingaidumphe, abale anga. Malo amene anapatsidwawo anali ndi eni ake. Mu 1856 mtsikana wina dzina lake Nongqawuse ananena kuti mizimu yalamula Axhosa kupha ng'ombe zawo ndi kusiya kulima, kuti akufa adzauke ndi kubweretsa ng'ombe zatsopano. Nthawi imeneyo ng'ombe zinali zikufa kale ndi matenda a m'mapapo, ndipo anthu anali atatopa ndi nkhondo zolandidwa malo. Ambiri anamvera. Njala imene inatsatira mu 1857 inapha anthu pafupifupi 40,000, ena masauzande anathawira kukafuna ganyu kwa azungu. Grey anapezerapo mwayi, natenga malo otsalawo n'kuikapo anthu ake. Ndinawafunsa Agogo kuti, "Nanga Agogo, anthu amene anafa ndi njala aja manda awo ali kuti?" Anakhala chete kanthawi, kenako anandiyankha kuti ali paliponse pomwe tadutsa, koma palibe anawaikira mwala. Ndimawalemekeza chifukwa sanazembe funsolo. Ku East London, m'mbali mwa nyanja, kuli chipilala chokumbukira Majeremaniwa, bambo, mayi ndi mwana. Ndi chokongola, ndipo anthuwo anavutikadi. Komabe ndikachiona ndimaganizira amene maina awo sanalembedwe pena paliponse.

Mmodzi wa anthu otere ndi agogo anga aamuna, bambo a mayi anga. Anapita ku Joni pa Wenela mayi ali kamwana, ndipo anafera kumgodi. Kumudzi kunangofika uthenga ndi kasutikesi. Anaikidwa kumeneko, ndipo pabanja pathu palibe amene anaonapo mandawo. Agogo aakazi anawadikira moyo wawo wonse osakwatiwanso, ndipo iwonso anagona pa mtumbira wadothi umene mvula inali kuuphwasula chaka ndi chaka.

Usiku womwewo ndinawaimbira mayi foni. Ndinati, "Amayi, ndikufuna tiwake chiliza cha agogo, ndipo tilembepo maina onse awiri, awo ndi a amuna awo, ndi mudzi umene aliyense anabadwira." Mayi analira, kenako anati nkhani yotere sangaigamule okha, iyenera kupita kwa amalume. Mwezi umenewo ndinayamba kupatula ndalama pa malipiro anga za simenti ndi mwala. Amalume atamva anavomera za chiliza, koma anakanitsitsa zolembapo dzina la munthu amene mtembo wake suli m'mandamo, ati n'kuitana mzimu pamalo posakhala pake. Mkangano umenewo unafika mpaka kwa amfumu, ndipo ndi umene ndidzakufotokozereni m'gawo 15.