Gasi wa M'kabati

Popeza chithunzi chija chafika kale m'manja mwa ena a inu, ndipo ndamva kuti mlamu wanga ku Dedza akuchionetsa kwa aliyense wobwera kudzagula kachewere, ndi bwino kuti ndifotokoze ndekha mmene zinakhalira. Inde, munthu amene waima poimika magalimoto atangomanga thaulo m'chiuno, pasipoti ili kukamwa, atakumbatira jumbo ya ufa ngati khanda, ndi ine. Zimenezo sindikukana. Chimene ndikukana ndi mphekesera yakuti ndinali nditaledzera.

Ndinali nditangotha milungu itatu mu Kuala Lumpur, likulu la dziko la Malaysia, m'mwezi wa July, ndipo thupi langa linali lisanagwirizane ndi dziko. Munthu wokulira kumene mu June timafunda mabulangete awiri sangamvetse msanga kutentha kwa kuno. Si kutentha kwa ku Nsanje mu October, kumene dzuwa limakuwotcha poyera ngati mdani wachilungamo. Kuno mpweya weniweniwo ndi wonyowa, moti umatuluka m'bafa n'kuyamba kukha thukuta usanamalize kudzipukuta. Ndinkasamba katatu pa tsiku, ndipo ndikunena zimenezi kuti nkhani ya thaulo ithere pomwepa.

M'mawa wa tsikulo amayi ena achikulire a khomo loyandikana ndi langa, amene aliyense amangowatchula kuti Makcik, ngati mmene ife tinganenere kuti azakhali, anandipatsa mphatso yondilandira. Inali kontena ya pulasitiki yokulungidwa m'nyuzipepala ndi kumangidwa m'majumbo atatu. Ndinalandira ndi manja awiri nditawerama pang'ono, ndipo mmene anandilerera agogo anga, sindikanaitsegula mwini wake akuona ngati munthu wa njala. Mufiriji munalibe malo, chifukwa ndinali nditadzazamo ufa ndi usipa wochokera kumudzi poopa nyerere ndi chuku. Popeza ndinali nditachedwa kuntchito, ndinangoiponya m'kabati ya pansi pa sitovu, pambali pa silinda ya gasi ya makilogalamu 14, n'kutseka mawindo onse kuopa mvula ya masana, n'kumapita.

Nditabwerako madzulo ndinamva kafungo kenakake pakhomo, koma ndinaganiza kuti ndi khoswe amene wafera kudenga, choncho ndinalunjika kubafa. Nditatuluka n'kutsegula chitseko cha kukhitchini, fungo linandimenya pachifuwa mpaka ndinabwerera m'mbuyo. Linali ngati munthu wasakaniza mazira owola ndi anyezi woonongeka, n'kuthiramo shuga pofuna kupepesa. Ine ndinakulira pa nkhuni ndi mbaula, ndipo gasi ndinkamuopa ngati njoka yogona m'nyumba. Mwini nyumba anali atandilangiza momveka bwino kuti ndikadzangomva fungo ndisadzayatse kapena kuzimitsa kanthu, koma ndidzatuluke ndi kudziwitsa anthu. Ndinamvera malangizowo kuposa mmene iye mwini ankayembekezera.

Ndinatenga pasipoti. Ndinayang'ana laputopu ya kuntchito, ndinayang'ananso firiji, ndipo mtima unasankha wokha: ufa woyera umene unadutsa nane pa Addis Ababa sukanapsa ine ndili moyo. Kenako ndinaswa kagalasi ka alamu ya moto n'kuyamba kutsika masitepe kuchokera pa nsanjika ya nambala 17, chifukwa pangozi chikepe sakwera, uku ndikumenya zitseko ndi chigongono ndi kukuwa mawu amodzi okha amene ndinkadziwa kuti aliyense awamva: gasi. Kukuwa pasipoti ili kukamwa ndi luso lapadera. Mmene ndinkafika pansi n'kuti kumbuyo kwanga kuli mtundu wonse wa anthu, ena atanyamula ana, ena amphaka, bambo wina atagwira mbale ya mpunga imene ankadyabe.

Mlonda anaimba 999, ndipo posakhalitsa anafika ozimitsa moto, amene kuno amawatchula kuti Bomba. Atazungulira m'nyumba mwanga ndi kachipangizo kawo koyezera mpweya osapeza kanthu, ananditumizira uthenga kuti ndikwere ndikawaonetse pamene fungo likuchokera. Ndinaloza kabati ndili patali, ngati mboni yoloza mfiti.

Mkulu wawo anagwada n'kutsegula kabatiyo pang'onopang'ono. Anagwira silinda, anaigwedeza, anaikapo khutu. Kenako anachotsa chophimba kumaso, n'kukoka mpweya wautali, n'kutsinzina. Abale anga, nkhope ya munthu ameneyo sindidzaiiwala. Inasungunuka ngati ya munthu amene wamva nyimbo ya kwawo ali kudziko lachilendo. Anatulutsa mphatso ija n'kuiika patebulo, ndipo anayamba kumasula jumbo yoyamba modekha ngati akuvula khanda. Anamasula yachiwiri. Anaima kaye n'kundiyang'ana kuyambira kuphazi, kudutsa pa thaulo, mpaka pa ufa. Anamasula yachitatu, anafunyulula nyuzipepala, n'kutsegula kontena. Munali zibuluma zinayi zachikasu, zofewa, zitagona mwaulemu ngati anapiye. Anzake anayandikira n'kuvula zipewa.

"Musang King," anatero monong'ona, ngati akutchula dzina la mfumu yaikulu.

Analankhula pang'ono pa wailesi yake ya m'manja m'Chimalay. Sindinamve ngakhale liwu limodzi kupatula lakuti durian, dzina la chipatso cha fungo lamphamvu cha kuno, chimene Musang King ndi mtundu wake umodzi, koma kuseka kwa anthu amene anali pansi kunakwera nsanjika zonse 17 popanda chikepe n'kudzandipeza m'khitchini.

Apa ndikufuna kuti oseka amve bwino. Gasi wophikira payekha sanunkha, ndipo amachita kumuthira mankhwala a fungo la safa kuti akamatuluka anthu azindikire. Durian nayenso ali ndi zinthu za mtundu wa safa womwewo, tsono mphuno yanga sinaname, inangosokoneza adiresi. Mu 2018 anthu mazanamazana anatulutsidwa mulaibulale ya yunivesite ina ku Melbourne poganiza kuti gasi akutuluka, koma anakapeza durian wowola m'kabati, ndipo amenewo anali anthu a madigiri awo. Ku Singapore chipatso chimenechi saloleza kulowa nacho m'sitima za mumzinda, ndipo mahotela ambiri kuno amamata chikwangwani chochiletsa. Chipatso chimene chimaletsedwa ngati fodya sichiyenera kuperekedwa kwa mlendo popanda kalata.

Amene sanaseke ndi Makcik okha. Chinawapweteka si kutsika masitepe ndi mawondo awo okalambawo, koma kuti durian wamtengo wapatali chotere ndinamusiya tsiku lonse m'kabati yotentha ngati chiguduli. Anakana zopepesa zanga zonse ndipo anagamula kuti ndidye chibuluma chimodzi pomwepo, pamaso pa a Bomba ndi mlonda. Ndinadya. Kunena zoona pakamwa chimakoma ngati kasitadi, kungoti ndi kasitadi wophikidwa mumphika umene dzulo lake munali adyo. Ndinayamikira, maso akulengeza misozi, ndipo ndinageya fungo lomwelo mpaka mbandakucha.

Oyang'anira nyumba anandilipiritsa kagalasi ka alamu kaja. Mlonda mpaka lero ndikamadutsa pageti amakweza mphuno m'mwamba n'kununkhiza, kenako amandichitira sawasha n'kunditchula kuti Encik Gas, kutanthauza kuti Bambo Gasi. Ufa uja unali utanyowa ndi mvula nthawi imene tinaima panja, ndipo pofika Lachitatu unali utachita chuku, moti ndinautaya. Laputopu ili bwinobwino.