Sabata ya Mgonero pa mpingo wa m'mbali mwa nyanja

Pa ntchito ya ubusa mu Sinodi ya Nkhoma palibe sabata yolemera kuposa yokonzekera Mgonero wa Ambuye, chifukwa zonse zimene mpingo wakhala ukuchita kwa miyezi ingapo zimafika nthawi imodzi pamaso pa mbusa ndi akulu a mpingo. Ndikutumikira mpingo wina wa CCAP m'boma la Salima, umene nyumba zake zina za mapemphero zili m'midzi ya asodzi m'mbali mwa nyanja, zina kumtunda kumene anthu amalima chimanga, mtedza ndi thonje. Lolemba ine ndi alembi a mpingo tinaswera mu ofesi kusanthula kaundula, kuona amene asamuka ndi makalata awo, amene atisiya, amene ali pa chilango, ndi aklasi (anthu ophunzira chikhulupiriro kuti alowe mumpingo) amene aphunzitsi awo akuti tsopano akhwima.

Lachiwiri linali tsiku lofunsa aklasiwo. Anzathu a mipingo ina amatinena kuti ndife ouma, popeza kwathu munthu wamkulu sabatizidwa tsiku lomwelo wakweza dzanja pa msonkhano wa chitsitsimutso, ndipo ngakhale amene anabatizidwa ali khanda safika pa gome la Ambuye asanakhale m'kalasi ndi kuvomereza yekha chikhulupiriro chake. Chiphunzitso chimene timawafunsa chimachokera m'Malembo, monga momwe anachilongosolera mu Katekisma wa Heidelberg, amene analembedwa ku Germany mu 1563. Mafunso ake 129 amayenda m'magawo atatu: kukula kwa tchimo ndi tsoka la munthu, chiwombolo cha mwa Khristu, ndi moyo woyamika. Pamodzi ndi Chivomerezo cha Belgic cha 1561 ndi mfundo za msonkhano wa ku Dort wa 1618 mpaka 1619, ichi ndicho cholowa chimene chimatiuza kuti munthu amapulumuka mwa chisomo chokha, kudzera m'chikhulupiriro, ndipo alibe choti adzitamandire nacho.

Mwa aklasiwo munali agogo ena aakazi amene maso awo anachita ng'ala, ndipo sanapiteko kusukulu. Mdzukulu wawo ndiye amawawerengera mafunso madzulo. Nditawafunsa kuti, “Agogo, kodi munthu angapulumuke chifukwa cha ntchito zake zabwino?” anayamba akonza mpango wawo, kenaka anati, “Iyayi abusa. Ndikanakhala nazo ntchito zoti ndidziwombole nazo ndekha, nanga Yesu akanafera chiyani?” Akulu a mpingo anangoyang'anana n'kugwedeza mitu. Pambuyo pawo panabwera mnyamata wina wa ku dooko amene analakatula mayankho onse osaphonya, koma titamufunsa tanthauzo lake anangoti kukamwa yasa. Zinapezeka kuti amalowa m'nyanja usiku ndi anzake a chilimira kukapha usipa, ndipo nthawi ya kalasi imamupeza ali m'tulo. Tinagwirizana kuti adikire Mgonero wotsatira, ndipo mkulu wa mpingo wa dera lakelo anadzipereka kuti azimupeza masana pamene asodzi akusoka makoka. Kumubweza kunandiwawa, koma kumulandira asakumvetsa chimene akulonjeza kukanakhala kumunamiza.

Ndisanawabalalitse aklasi ndimawauza kumene mpingo wawo unachokera, ndipo kwa ife a ku Salima nkhaniyi si yakutali, pakuti aliyense wopita ku Lilongwe amadutsa pa Mvera akamakwera mapiri. Kumeneko, m'dziko la mfumu Chiwere, abusa Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, otumidwa ndi Dutch Reformed Church ya ku South Africa, anakhazikitsa mishoni yawo yoyamba pa 28 November 1889. Kongwe inatsatira mu 1894, ndipo mu 1896 anatsegula Nkhoma, m'dera la mfumu Mazengera, kumene pambuyo pake likulu linasamukira. Amishoniwo kulikonse kumene anafika anayamba ndi sukulu ya m'mudzi, kuti munthu athe kudziwerengera yekha Mawu a Mulungu, ndipo n'chifukwa chake William Murray anathera zaka zambiri akutsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922. Ma presbiteriyo a Livingstonia ndi Blantyre atapanga CCAP mu 1924, Nkhoma inalowa nawo mu 1926, patangopita chaka chimodzi Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza atadzozedwa kukhala abusa oyamba a kuno kwathu. Mu 1962 amishoni anapereka ntchito yonse m'manja mwa Sinodi. Ndimafuna achinyamata adziwe kuti kalasi imene amaiona ngati chopinga ndi mwana wa sukulu zoyambazo.

Lachitatu ndinayendera odwala ndi okalamba pa njinga yamoto, kulemba amene adzafunike kuwapititsira Mgonero kunyumba. Lachinayi ndinaitanidwa ku Chigwirizano cha Amayi, gulu limene lakhalapo kuyambira 1940. Amayi a malaya oyera, siketi yakuda ndi duku loyera ndiwo amafika koyamba pa maliro ndi pa matenda, ndipo mwa iwo ndimo timasankha alangizi amene amalangiza atsikana akatha msinkhu, ntchito imene mpingo unaika m'malo mwa chinamwali cha kumudzi. Mayi wina anandifunsa chifukwa chake Sinodi yathu sidzoza amayi kukhala abusa pamene Blantyre ndi Livingstonia amatero. Ndinamufotokozera momwe Sinodi imamvera makalata a Paulo pa nkhaniyi, ndiponso kuti chotere sichisinthidwa ndi mbusa mmodzi kapena mpingo umodzi. Funsolo linali laulemu ndiponso lochokera pansi pa mtima, ndipo amayi ali nawo ufulu wolifunsa.

Lachisanu, tsiku la seshoni, bwalo la mbusa ndi akulu a mpingo, ndilo linanditengera mphamvu zambiri. Anthu ambiri amaganiza kuti mbusa ndiye mwini mpingo, koma mu Chipresbiteriyo mpingo umalamulidwa ndi akulu osankhidwa ndi Akhristu. Mbusa amakhala wapampando, buku la malamulo a mpingo lotchedwa Zolamulira lili pa tebulo, ndipo amene sanakhutire ndi chigamulo angathe kukadandaula ku presbiteriyo mpaka ku Sinodi. Milandu yake inali imene timaidziwa: mowa, mitala, ndi mnyamata wobatizidwa amene analowa ku dambwe. Koma tinakhalitsa pa nkhani ya mayi wina wamasiye amene anaimitsidwa Mgonero chifukwa chotcheza kachasu. Iye sanakane, anangoti ankafuna fizi ya mwana wake wa kusekondale. Pa miyezi yonse imene anali pa chilango sanaleke kubwera kutchalitchi, ndipo atumiki pamodzi ndi amayi a Chigwirizano anamusonkhera mpamba woti azigula mpunga n'kumagulitsa pa msika. Mkulu wina anaimirira nati, “Abusa, mayiyu akadikirebe, kuti ena aone kuti mpingo suseweretsedwa.” Bambo wina wachikulire, amene wakhala mkulu wa mpingo kuyambira ine ndisanapite ku maphunziro a ubusa, anayankha kuti munthu amaikidwa pa chilango kuti abwerere, ndipo akabwerera palibe chifukwa chomusungira panja pofuna kuopseza ena. Ndinagwirizana nawo, ndipo ambiri anavomereza kuti abwezeredwe. Ine ndimakhulupirira kuti malamulo athu pa mowa ndi pa ukwati ndi oyenera, chifukwa ndaona mabanja amene kachasu wawapasula m'madooko muno, koma seshoni imene imalanga popanda kufunsa chimene ana a wolangidwayo adye imakhala yagwira theka la ntchito yake.

Loweruka tinabatiza ndi kulandira aklasi amene anakhoza, tinabwezera mayi uja pamaso pa mpingo, kenaka ndinalalikira ulaliki wokonzekera kuchokera pa 1 Akorinto 11, pamene pamatiuza kuti munthu adziyese yekha asanadye mkate ndi kumwera chikho. Lamulungu Akhristu a m'nyumba zonse za mapemphero anasonkhana pa likulu la mpingo, ena atayenda kuyambira mbandakucha, ndipo tchalitchi chinachepa moti akulu a mpingo anatenga mkate ndi chikho kupita nazo kwa amene anakhala pansi pa mitengo ya mango.

Mapemphero atatha ndinakhala pansi ndi atumiki ndi ana a agogo a ng'ala aja. Chipatala cha Sinodi ku Nkhoma, chimene chinayamba mu 1915, chimadziwika m'dziko lonse pa ntchito ya maso, ndipo ng'ala ndi nthenda imene madokotala amachotsa munthu n'kuyambanso kuona. Banjalo linkaopa ndalama ya ulendo ndiponso opaleshoni yeniyeniyo. Tinagwirizana kuti thumba la atumiki lilipire galimoto, mwana wawo wamkazi akhale wowadikirira, ndipo ine ndiwalembere kalata yoti akaonetse akakafika.