Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Nkhokwe ya ku Harmondsworth

Nditayamba ntchito yonyamula katundu pafupi ndi bwalo la ndege la Heathrow ku London, ndinkachita lendi kachipinda ku West Drayton. Lamulungu likakwana ndinkasowa kolowera, ndiye ndinkangoyenda wapansi mpaka kumudzi wa Harmondsworth. Kumeneko, pafupi ndi tchalitchi cha St Mary, kuli nkhokwe imene inandigwira mtima.

Tikati nkhokwe musaganize kanthu kakang'ono. Ndi chinyumba cha mamita 58 m'litali mwake, chomangidwa cha m'ma 1426 pa famu ya sukulu ya Winchester College, kuti azisungiramo tirigu ndi barele asanapunthe. Alimi anaigwiritsa ntchito mpaka zaka za m'ma 1970.

Bambo anga anali kalipentala, choncho nditalowa maso anga anathamangira polumikizira mitengo. Mizati ya mtengo wa oak yaima mizere iwiri, ina yoti munthu sungaikumbatire n'kugundanitsa manja. Mitanda anailowetsa m'mabowo osemedwa m'mizatimo n'kukhomera zikhomo zamtengo. Ndinasisita mzati umodzi, ndipo zala zinkamva mmene nkhwangwa inkadutsira. Chimene chinandiimitsa nthawi yaitali n'chakuti palibe mzati wokumbiridwa pansi. Uliwonse wakhala pamwala, kuti chinyezi chisaudye. Agogo anga ku Ntcheu ankachitanso chimodzimodzi, nkhokwe yawo ankaikhazika pamiyala poopa chiswe. Kunja makoma ndi amatabwa akuda, denga ndi lamatailosi adothi, lotsetsereka mpaka kutsala pang'ono kufika pamutu.

Boma la Britain linaika nyumbayi m'gulu la Grade I, kutanthauza kuti ngakhale mwini wake sangasinthe kanthu popanda chilolezo. Komabe inafika pomadontha mwini wake akungoyang'ana, mpaka bungwe losamalira malo akale la English Heritage linaigula n'kukonza denga. Nkhawa ya anthu a m'mudzimo tsopano ndi mapulani okulitsa bwalo la ndege, amene angagwetse nyumba zambiri zoyandikana nayo.

Madzulo ake ndinaimbira foni amayi kuwafunsa za nkhokwe ya agogo ija. Anati inagwa kalekale, masiku ano chimanga amathira mankhwala n'kusunga m'matumba kuchipinda poopa akuba. Ndinawapempha kuti andifunsire ngati m'mudzi mwatsala munthu wodziwa kuluka nkhokwe yansungwi, ndipo anatchula mkulu mmodzi yekha. Mmene ndinakakumanirana naye nditapita kumudzi, ndifotokoza m'gawo lotsatira.