Keyala ya pa Gerty Street

M'sutikesi ya malemu agogo anga aamuna, kwathu ku Ntcheu, munali emvulopu yofiirira yodyedwa ndi mphemvu m'mbali. Inali kalata yomwe analembera mlongo wawo mu 1953, ndipo kumbuyo kwake anaikako keyala: Gerty Street, Sophiatown, Johannesburg. Nambala ya nyumba sindiilemba pano chifukwa pamalopo pakukhala anthu ena. Tsiku lomwe ndinkanyamuka kubwera kuno ku Joni, mayi anandipatsa emvulopuyo n'kunena kuti, "Ukakapeza mpata ukaoneko pamene ankagona abambo anga." Ndinatha zaka zisanu ndi chimodzi ndisanapiteko, chonsecho kuchokera ku Mayfair kumene ndimagulitsa nsalu si patali. Ulesi basi.

Nyumbayo ndinkaidziwa ndisanaione, poti agogo akayamba kuisimba madzulo, nsima inkachita kuzizira m'mbale. Kutsogolo kunali zipinda zinayi za njerwa ndi khonde lopaka polishi wofiira. Mwini wake anali mayi wamasiye wa Chitswana amene onse pabwalopo ankangomutchula kuti mastandi. Puloti anagula ndi malemu mwamuna wake, ndipo pepala la umwini ankalisunga m'Baibulo. Pepala limenelo silinali lamasewera: Sophiatown anali amodzi mwa malo ochepa kwambiri mu Johannesburg kumene munthu wakuda ankatha kugula malo n'kukhala akeake. Zinachitika mwangozi. Herman Tobiansky anagula derali mu 1897 n'kulitcha dzina la mkazi wake Sophia, misewu ina n'kuipatsa mayina a ana ake, monga Gerty, Edith, Bertha ndi Toby. Ankafuna kugulitsa kwa azungu, koma khonsolo itaika malo otayirako zonyansa za m'zimbudzi chapafupi, azungu ananyansidwa, iye n'kuyamba kugulitsa kwa aliyense wobwera ndi ndalama.

Agogo sankakhala kutsogoloko. Iwo anali a kuseri, kumene mastandi anamanga tizipinda ta malata tisanu ndi tiwiri ta lendi, tonse mpopi umodzi ndi chimbudzi chimodzi. M'kachipinda kawo ankagonamo atatu: iwo, Mtonga wina wa ku Nkhata Bay amene ankaperekera naye zakudya pahotela ina m'tauni, ndi telala wa Chiyao amene makina ake ankakhala pamutu pa bedi. Anthu ankangowaphatikiza onse kuti Manyasa, kutanthauza ochokera ku Nyasaland. Khomo loyandikana nalo kunali mkaladi wosoka nsapato. Kumapeto kunali mayi wofulula mowa, amene ankakwirira zigubu zake pansi kuopa apolisi. Apolisiwo akabwera ankayenda akubaya nthaka ndi zitsulo, ndiye agogo ankaseka pokumbukira kuti tsiku lina anabaya paipi ya madzi, bwalo lonse n'kusanduka dambo.

Za pa 9 February 1955 zinalembedwa kwambiri. Apolisi 2,000 analowa m'bandakucha ndi malole, masiku atatu lisanafike tsiku lomwe boma la tsankho linalengeza kuti lidzayamba kuchotsa anthu m'Sophiatown, n'kuyamba kutengera anthu ku Meadowlands, mbali ina ya Soweto. Pamakoma panali patalembedwa mawu okana kusamuka, ndipo Bambo Trevor Huddleston a mpingo wa Anglican anali komweko kuonerera katundu akukwezedwa. Pomwe ntchitoyi inkatha, anthu oposa 60,000 anali atachotsedwa. Amwenye anawapititsa ku Lenasia, makaladi kwina, akuda ku Soweto.

Koma chimene agogo ankanena, chomwe sindichimva kawirikawiri anthu akamakamba za Sophiatown, n'chakuti pabwalo pawo sanalire onse. Analira ndi mastandi, amene ankataya malo ake. Alendi ena anakwera lole mosanyinyirika, chifukwa anali atatopa kulipira ndalama zambiri kachipinda kodontha n'kumaima pamzere wa mpopi tambala asanalire. Sindikuikira kumbuyo boma la tsankho, ayi, linali lankhanza ndipo cholinga chake chinali kulanda malo. Ndikungoti kukhala kuseri kwa nyumba ndi kukhala kutsogolo si zimodzi.

Malole anafika pabwalo lawo mu 1957. Banja likangotuluka, kachipinda kake ankakagwetsa tsiku lomwelo kuti pasalowe wina. Ku Meadowlands ankagawa nyumba potsata mitundu, Azulu uku, Asotho uku. Nanga Mngoni wa ku Ntcheu, wosakwatira, wobwera pa selefu wopanda mapepala oyenera, akanamuika mbali iti? Agogo sanadikire kufunsidwa. Anatenga sutikesi usiku n'kukabisala kuchipinda cha antchito kuhotela kuja, ndipo chaka chotsatira anabwerera kumudzi. Telala ndi Mtonga uja sanaonane nawonso. Mastandi anatsala yekha m'nyumba yakutsogolo pakati pa zibuma, wopanda wom'lipira lendi, mpaka nayenso anagonja.

Pamabwinjawo boma linamanga nyumba za azungu osauka n'kutcha malowo Triomf, kutanthauza chipambano. Dzina la Sophiatown linabwerera mu 2006. Zakale zomwe zinapulumuka n'zowerengeka, monga tchalitchi cha Christ the King pa Ray Street ndi nyumba ya Dr A.B. Xuma pa Toby Street, yemwe anali mtsogoleri wa chipani cha ANC kuyambira 1940 mpaka 1949.

Ndinapitako Lamlungu lapitali. Msewu ulipo, dzina lake lomwelo. Ndinaima pageti la nyumba ya njerwa zachikasu, mpanda wa waya, galu akuuwa ngati ndam'bera fupa. Bambo wina wachikulire anatuluka akundiyang'ana mokayika, koma nditamuonetsa emvulopu anamanga galu n'kundilowetsa. Anati pabwalopo sungakumbe dzenje la mtengo osagunda zidutswa za njerwa. Kenako analowa m'galaja n'kutulutsa chitini cha penti chodzaza ndi zomwe wakhala akufukula: masipuling'i a bedi, supuni yopindika, mabatani, ndi theka la mbale yachitsulo yoyera ya mkombero wabuluu, ngati zija tinkadyera ndiwo kumudzi. Anandiuza kuti ndisankhepo chimodzi. Ndinatenga supuni.

Madzulo ndinatumizira mayi zithunzi pa WhatsApp: geti, kapinga, galaja, supuni ili m'manja mwanga. Anakhala kaye osayankha, kenaka kunabwera uthenga wa mawu, nkhuku zikulira kumbuyo: "Nanga mpopi uja, sunauone?"