Sabata yolemba malipoti

Sabata yomaliza ya teremu imatithera pa tebulo, cholembera chofiira chili m'manja. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi ku Fomu 3, ndipo Lolemba ndi Lachiwiri ndinangokhalira kuchonga mayeso ndi kulowetsa malikisi mu kompyuta.

Lachitatu ndi pomwe kunabuka mkangano ku ofesi ya aphunzitsi. Anzanga a masamu anali atalemba "excellent" pa lipoti la mwana aliyense amene wadutsa 60. Ndinati, "Achimwene, mawu amenewa mukuwatchipitsatu." Iwo anangoseka, amvekere mwana amafunika kumulimbikitsa.

Kulimbikitsa sindikukana, koma mawuwa ali ndi kulemera kwake. Gwero lake ndi Chilatini, excellere, kutanthauza kutalika kapena kukwera kuposa anzako. Analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa m'zaka za m'ma 1300. Ndiye kuti pamafunika ena oti uwapose. Theka la kalasi silingakhale pamwamba lonse. Muzu womwewo ndi umene uli mu "His Excellency" wa pamisonkhano ya boma uja, ngakhalenso m'dzina la Excel, pulogalamu ya Microsoft yomwe timawonkhetsera malikisiwo.

Lachinayi nkhaniyi ndinapita nayo m'kalasi pokonza zolakwa za pa mayeso. Ambiri amalemba "excellent" ndi l mmodzi. Ena amakonda "very excellent", poganiza kuti akuwonjezera ndiwo. Ndinawauza kuti pa mayeso a MSCE asamatero: mawuwa afika kale pamapeto, ngati akufuna kutsindika anene "absolutely excellent". Mtsikana wina wa kumbuyo, amene amatsogolera mapemphero a m'mawa, anaimika mkono. "Nanga aphunzitsi, pa Luka 1:3 palembedwa 'most excellent Theophilus', Baibulo linalakwitsa?" Kalasi yonse inati phwete kuseka, kudikira kuti ndiyankha bwanji. Funso linali labwino zedi. Ndinafotokoza kuti Baibulo la King James Version, momwe muli mawuwo, ndi Chingerezi cha 1611, ndiponso kuti pamenepo mawuwo ndi ulemu wopatsa munthu waudindo, osati kuyamikira chimangirizo.

Lachisanu tinasonkhanitsa malipoti kuti a hedi asayine. Pa anga, "excellent" anapita kwa ochepa chabe, mtsikana wa funso uja ali m'gulumo chifukwa cha chimangirizo chake. Enawo ndinawalembera chenicheni chimene akuyenera kukonza, kaya ndi kalembedwe ka mawu kaya nthawi za aneni. A masamu sanasinthe kanthu, ndipo a hedi anasayina onse.