Mazira awiri a agogo

Lachinayi usiku. Magetsi azima, ndikulemba pa foni ana atagona.

Lero amayi a Mvano tinakazonda mnzathu wina ku Chilobwe. Nyumba yake inapita ndi matope ochokera m'phiri la Soche nthawi ya namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. Mpaka pano akukhala m'kachipinda ka lendi ndi zidzukulu zitatu, ndipo matenda a shuga amufooketsa. Tinapangana kuti aliyense abweretse chomwe angathe.

M'mawa ndinaima nthawi yaitali pa ndowa yanga ya ufa. Febuluwale ndi mwezi wouma mtima, chimanga cha kumunda chisanache, cha m'thumba chikutha. Ndinatapa, ndinabwezamo pang'ono, ndinatapanso. Ndinanyamuka ndi kajumbo ka ufa ndi sopo mmodzi. K5,000 yomwe ndinaika padera dzulo ndinaisiya m'chikwama kuchipinda, ndikudziuza kuti mawa sadziwika.

Pakhonde la tchalitchi tinayala chitenje n'kuyamba kuikapo. Kenako anafika agogo ena omwe amagulitsa chisoso ndi bonongwe m'mbali mwa msewu. Anagwada, n'kumasula mfundo ya nsalu yawo pang'onopang'ono, zala zikunjenjemera. Munali kambale ka mgaiwa ndi mazira awiri okulunga m'pepala la nyuzi.

Ndinawanong'oneza: "Agogo, nanga inuyo mudya chiyani?"

Anandiyang'ana modabwa. "Mwanangu, kupatsa n'kuika. Chaka cha Freddy chija bulangete lomwe ndinafunda anandipatsa ndani? Mpaka lero sindimudziwa."

Nkhani ya mayi wamasiye wa pa Marko 12, yemwe anaponya timakobiri tiwiri Yesu akuonerera, ndinailoweza ndili ku Sande Sukulu. Lero ndi pomwe yandilasa. Mayi uja anali atagwada pafupi nane, mapazi ali fumbi lokhalokha.

Kwa wodwalayo tinaimba, tinapemphera, ena anasesa ndi kutunga madzi. Pa zonse zomwe tinatula, iye anatola mazira aja n'kuwafumbata pachifuwa, misozi ili chuchuchu. Anadziwa komwe achokera.

Ine sindigwirizana ndi alaliki omwe amati fesa mbewu ya ndalama lero, mawa ukolole galimoto. Mulungu si katapila. Agogo aja abwerera kwawo wapansi, mawa akhalanso padzuwa ndi masamba awo. Koma mtendere womwe unali pankhope pawo potsika mtunda uja, akuyambitsa nyimbo ndi mawu awo osasa, ine ndinalibe, ngakhale ndowa yanga ndi yodzaza kuposa yawo. Mphotho yomwe ndaiona ndi maso ndi imeneyo: mantha a mawa sawagwira pakhosi ngati mmene amandigwirira ine.

Nditafika kunyumba sindinakhale pansi. Ndinatenga K5,000 ija n'kukweranso minibasi. Ndinapeza mdzukulu wamkulu akukoleza mbaula, dzira limodzi lili kale m'poto. Linalo anati asungira agogo awo la mawa.