Sabata yomwe tinatentha tchire popanda Madala

Mwezi wa June ukangofika, ntchito yathu ku Majete imakhala ya moto. Anthu akamva kuti ndimagwira ntchito ku gemu amayesa ndimayenda ndi mfuti kulondola opha nyama, koma imeneyo ndi ntchito ya anzathu ena. Gulu lathu limasamala malo enieniwo: udzu, mitengo, madzi ndi misewu yotchinga moto. Njati ikadya n'kukhuta, n'kumwa, n'kugona osaganiza zokayesa mpanda wamagetsi, ife timadziwa kuti zathu zayenda.

Lolemba panalibe chachilendo. Pampu ya sola pa chitsime china chomwera nyama inali itasiya kukoka madzi, ndipo tinapeza anyani atazula waya. Tinalumikiza, tinapukuta fumbi pa magalasi, madzi n'kuyambanso kutuluka. Masana ndinayendera msewu wotchinga moto womwe anyamata analambula sabata yapitayo, ndipo ndinawabweza malo awiri pomwe tsekera anali atagwera pakati. Pobwerera ndinazula udzu wodzaza dzanja m'chigawo chachikulu chomwe tinakonza zotentha Lachisanu, ndinaupotokola, n'kuuponya kumbuyo kwa galimoto. Mumtima ndinati mawa ndiwaimbira Madala, mkulu yemwe anandiphunzitsa ntchito ya moto, ndiwafotokozere momwe ukuthyokera, monga ndakhala ndikuchitira chaka chilichonse chipumireni iwo pantchito.

Lachiwiri kusanache foni inalira. Anali mwana wawo wamkulu. "Achimwene, bambo atisiya usiku uno." Ndinkadziwa kuti sakupeza bwino, koma mwezi watha womwewu tinalankhula, mawu awo ali amphamvu, mpaka kundikalipira kuti chaka chino ndachedwa kulambula misewu. Ndinangokhala pabedi foni ili m'manja mpaka kunja kunayera.

Dzina lawo sindilemba pano. Kuntchito tonse, ndi mabwana omwe, tinkangoti Madala. Anayamba ntchito ali mnyamata, m'nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire, nthawi yomwe m'Majete munali mudakali njovu. Anaziona zikutha imodziimodzi mpaka yomaliza mu 1992. Nkhalango yomwe inapatulidwa mu 1955 inasanduka tchire la zii, lodzaza misampha ya waya ndi utsi wa makala. Ankakonda kutiuza kuti chomwe chinkawapweteka koposa chinali kuona tinjira ta njovu tikutsekeka ndi minga chaka ndi chaka, tinjira tomwe makolo a njovuzo anaponda kuyambira kalekale. Ndiye boma litagwirizana ndi bungwe losamala nkhalango za nyama la African Parks mu 2003, zipembere n'kubwera chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012, Madala anali mmodzi wa anthu ochepa omwe ankakumbukira komwe nyama zinkamwera kale, dambo lomwe siliuma msanga ndi khwawa lomwe moto sulidumpha. Nyama zikamatsitsidwa m'malole dziko lonse limamva pa wailesi. Yozikonzera malo oti zikhazikike n'kuswana ndi ntchito yosamveka, koma zinaswanadi. Mu 2016 ndi 2017 njovu 520 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi kuno ku Majete kupita ku Nkhotakota. Madala atamva kuti Majete tsopano akugawira ena njovu, anavula chipewa n'kukhala duu nthawi yaitali.

Ine anandiphunzitsa moto. Chifukwa chotenthera msanga ndinachiphunzira kusukulu: udzu ukadali ndi chinyezi, moto umayenda mwaulesi, umadya zouma zokha, timitengo n'kupulumuka. Ukausiya udzuwo mpaka September kapena October, kutentha kwa kuno ku Chikwawa kutafika pachimake, munthu mmodzi wosaka mbewu kunja kwa mpanda akhoza kuyatsa moto wodutsa zigawo zingapo tsiku limodzi, kupha mphukira za tsanya ndi mfula, n'kulowa m'mabala a milambe yomwe njovu zasenda. Pa lupsa la mu June pamaphuka msipu wanthete womwe mbidzi ndi mphalapala zimauthamangira, nkhupakupa nazonso zimachepa. Koma ukatentha ponseponse, nyamazo zidya chiyani podikira mvula ya November kapena December? N'chifukwa chake timatentha mwa zigambazigamba, apa kuyatsa, apo kusiya.

Zonsezi m'mabuku zilimo. Chomwe buku silingakuuze ndi tsiku lake ndi ola lake, ndipo pamenepo Madala analibe mnzawo. Ankapotokola udzu pafupi ndi khutu. Ukangopindika osalira, ankati, "Ukadali mwana uwu, tiyeni tizipita." Ukathetheka wonse mpaka kutsinde, ankapukusa mutu, ndiye kuti tachedwa. Ankafuna wothyoka kunsonga koma wofewa kumunsi. Mphepo ankaiyesa ndi fumbi lodzaza dzanja, katatu konse, motalikitsa nthawi, poti mwera umakhala ngati wagona m'mawa kenako n'kudzuka. Dzuwa lili paliwombo sankalola munthu kukhudza machesi. Mawu awo omwe aliyense wa ife anawamvapo anali akuti, "Mwana wanga, usayatse moto womwe sukudziwa kokagona." Moto uliwonse unkayenera kukhala ndi kothera kwake tisanauyatse, kaya ndi dambo, kaya mtsinje wamchenga, kaya msewu, apo ayi mame a usiku.

Lachiwiri lomwelo tinasonkha chipepeso, tinagula ufa, nyemba ndi shuga, madzulo n'kunyamuka. Mudzi wawo uli kuseri kwa mpanda, ndipo masamba oyalidwa pamsewu tinawaona tikadali patali. Apanjinga ankatsika n'kumakankha. Pasiwa amayi anali m'nyumba akuimba, ife abambo panja titazungulira moto, ndipo usiku wa June ngakhale ku Chikwawa umalowa m'mafupa.

Pakati pa usiku bambo wina wa imvi anasendera pafupi nane. "Inu ndi a ku gemu?" Nditavomera, anandiuza kuti zaka zambiri zapitazo Madala anawagwira ndi mawaya m'nkhalangomo, ndipo anazengedwa mlandu, chilango n'kugwira. Atatuluka, munthu woyamba kufika pakhomo pawo anali Madala omwewo, kudzawapempha kuti alowe m'gulu la aganyu olambula misewu yotchinga moto. "Anati munthu wodziwa potchera msampha ndiye wodziwa podutsa nyama, tsono nzeru imeneyo isaonongeke." Bambowo anagwira ganyuyo zaka zingapo, ana awo n'kuphunzirirapo sukulu. Ine ndinagwira ntchito ndi Madala nthawi yaitali, koma nkhani iyi sanaitchulepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Lachitatu adzukulu atamaliza ntchito yawo tinakawaika. Mbiri yawo inawerengedwa, ampingo analalikira, kenako amfumu anaima. Polankhula anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo dambo la mudzi uno lauma lero. Anthu anavomereza ndi mutu, poti amfumuwo ankanena za milandu ndi mikangano yomwe Madala ankaiziziritsa. Ife a gulu la moto tinayang'anana. Madambo ozimira moto iwo ankawadziwa enieniwo, lililonse ndi dzina lake, ndi mwezi womwe limasiya kudalirika.

Titabwerako kumanda ndinalowa kukatsanzika kwa amayi. Nditagwada n'kupepesa, mayi wina yemwe anakhala pambali pawo anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu, "Pepani bambo, si nthawi yake, koma nanga udzu wathu?" Poyamba sindinamve. Chaka chilichonse midzi yozungulira imaloledwa kulowa masiku oikika kukamweta udzu wofolera nyumba, ndipo Madala anali ndi chizolowezi chotumiza uthenga kwa amfumu tisanatenthe chigawo chilichonse, kuti amayi amalize kumweta. Chaka chino uthengawo unapita, masiku anaperekedwa, koma masiku ake anali omwewa a maliro. Mudzi ukagwa zovuta palibe amagwira chikwakwa. Udzu womwe amayiwo ankayembekezera unali udakaima m'chigawo chomwe ine ndinalemba kuti chipsa Lachisanu. Ndinawayankha kuti ndamva, sindinalonjeze kanthu, chifukwa mawu omaliza sakhala anga ndekha.

Lachinayi ndinatulutsa mapu omwe ndimawasunga m'kabati ya mu ofesi. Chaka chatha ndinapita nawo kwa Madala, tinakhala pansi pa mtengo wa bwemba, iwo akuloza, ine ndikulemba ndi pensulo: apa kasupe, apa dambo losunga madzi mpaka August, apa khwawa lamchenga. Tinafika theka kunja n'kuda. Ndinati ndibweranso. Kawiri konse ndinakonza ulendo, kawiri konse ndinausintha chifukwa cha ntchito zomwe lero sindingazikumbukire n'komwe. Theka losalembedwalo lapita nawo kumanda, ndipo zimenezi zikundipweteka kwambiri. Chigawo chachikulu chija chili m'theka lomwelo.

Tsono panalibe njira ina koma kuchiyenda. Tinanyamuka anayi, mmodzi ali mlonda wamfuti, poti masiku ano m'Majete muli mikango ndi njati ndipo munthu suyendamo chisawawa. Tinatha maola asanu ndi limodzi. Khwawa la kumadzulo, lomwe ndinkalidalira poliona pa kompyuta, tinalipeza litadzaza bango louma mbali zonse ziwiri, loti moto ukhoza kuwoloka osapuma. Dambo lenileni linali kumunsi, lobisika ndi mitengo ya mvunguti, matope ake akadali ofewa, mapazi a njati ali mbwee. Ndinalilemba pa mapu ndi pensulo yomweyo.

Lachisanu m'mawa ndinakaonana ndi abwana. Ndinawauza zinthu zitatu: amayi sanamwete, khwawa lomwe tinkalidalira silingagwire moto mpaka titalambula bangolo, ndipo mwera wadzuka kuyambira usiku. Anandifunsa funso loyenera, lakuti udzuwo udikira kodi, popeza tsiku lililonse tikachedwa umauma ndipo moto wake umakula. Zinali zoona, ndipo ndinavomera kuti tikuika china pachiswe. Ndinapempha masiku asanu, anandipatsa. Uthenga unapita kwa amfumu masana omwewo, anyamata anatsikira kukhwawa ndi zikwanje, ndipo ine ndinasankha kachigawo kakang'ono ka kumpoto, kamene kali m'theka lomwe Madala analemba nawo, kuti tikatenthe Loweruka mphepo ikalola.

Loweruka mwera unagona. Ndinaponya fumbi cha m'ma 1 koloko, ndinaponyanso 2 koloko, kachitatu 3 koloko itadutsa, ndipo katatu konse linagwera mbali imodzi, pafupi ndi mapazi anga. Udzu unathyoka kunsonga, kumunsi n'kupindika. Tisanayatse, mnyamata wina wa m'gulu lathu anavula chipewa, enanso onse n'kuvula. Palibe analankhula. Thirakitala yokoka thanki ya madzi inali italira kale pamsewu, ozimitsa ataima motalikirana ndi nthambi zawo zaziwisi. Masiku ano timayatsira kachitini kodontheza moto, ka dizilo wosakaniza ndi petulo, koma mzere woyamba ndinauyatsa ndi muuni wa udzu monga ankachitira iwo.

Tinayambira m'mphepete mwa msewu, moto ukuyenda molimbana ndi mphepo kuti ukulitse kaye mzere wakuda, kenako tinazungulira m'mbali. Malawi sanapitirire m'chiuno. Mbalame za nthengu zinafika utsi utangokwera, zikuwakha ziwala zothawa, ndipo banja la njiri linatulukira mbali yomwe tinasiya dala yotseguka, michira ili m'mwamba. Pamalo amodzi moto unafuna kudumpha msewu pomwe panali chitsa chowola, anyamata awiri n'kuupha ndi nthambi thanki isanafike. Timitengo ta tsanya tofika m'mawondo tinangowauka masamba akumunsi. Pofika 6 koloko motowo unali utatsikira kudambo lomwe Madala analoza ndi chala chaka chatha pansi pa bwemba paja, ndipo unafika m'udzu wauwisi n'kuyamba kufooka, utsi ukusanduka woyera. Tinadikira mpaka mdima, tinayenda mzere wonse ndi matochi kuzimitsa zitsa zofuka, 8 koloko n'kubwerera.

Lero Lamulungu mwana wawo uja waimba foni. Akuti amayi a m'mudzimo alowa mawa m'mamawa ndi zikwakwa, ndipo agwirizana kuti mitolo yoyamba ipite kwa amayi amasiye, chifukwa denga la khitchini yawo Madala anali atalisasula kale podikira udzu watsopano. Chigawo chachikulu tidzatentha Lachinayi likubwerali, mtolo womaliza ukatuluka pageti, ngati mwera ulola.